Che Swaleyi, Telala Woyeza Makosi

Mwezi watha mdzukulu wa Che Swaleyi anandipeza kunyumba kudzandiitanira ku sadaka. Anati chaka chino n'chomaliza kukumbukira agogo ake panyumba yakale ija, chifukwa malowo agulidwa ndi munthu wofuna kumangapo mashopu. Nditamuperekeza ndinakhala pansi n'kuyesa kukumbukira nkhope ya mkulu uja, koma inakana kubwera. Zimene zinabwera ndi zala: zazitali, zouma, zozizira ngati zangochoka m'madzi, choko choyera chili m'zikhadabo.

Che Swaleyi anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la nyumba yawo, kuseri kwa mashopu a amwenye, pakamsewu kotsetserekera ku mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi msika. Ine ndi bambo a Linesi tinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumbayo. Iwo anali Asilamu, Ayao amene makolo awo anabwera kalekale ndi malonda. Ife tinali Akhristu a ku Mitundu, otsatira ntchito ya umesenjala imene amuna anga anaipeza ku Capital Hill. Pakati pathu panalibe mpanda, ndipo madzi tinkatunga pampopi umodzi.

Ndikaganiza za khonde limenelo, nthawi zonse kumakhala masana a mu Okutobala. Fumbi likuyandama m'dzuwa. Makhukhi a ku Area 3 akutsika panjinga kupita kumsika, timaluwa ta jakaranda titamatirira pazipewa zawo. Makina akulira tchakatchakatchaka, kenako zii, pakati penipeni pa msoko. Che Swaleyi akweza mutu, maso apitirira madenga a malata, phazi lili chiimire pachopondera. Odzasoketsa anazolowera kudikira. M'nyumba mumveka mawu a akazi awo, Abiti Juma:

"Apitanso kunyanja kwawo kuja. Akabwera mundiuze, tiyi akuzizira."

Nyanja yake inali yamchere, ya kutali kumene bambo awo anakafikako wapansi ali mnyamata. Iwo eni ake sanapiteko. Ankangoidziwa m'nkhani za bambo awo, koma ankaifotokoza ngati anabadwira m'mphepete mwake: madzi amene amachoka okha m'mawa n'kubwerera madzulo, ngalawa za matanga oyera, mphepo yonunkhira zokometsera ndiwo.

Munthu akabwera kudzasoketsa shati, ankayamba monga telala aliyense: mapewa, chifuwa, mkono. Khosi ankalisiya komaliza. Akazunguliza tepi n'kuwerenga, tepiyo ankaileka igwe, koma zala zinkatsalira. Zinkayenda pang'onopang'ono pansi pa chibwano, kuseri kwa makutu, n'kutsika mpaka pafupa la pamwamba pa chifuwa, mwini zalazo atatsinzina ngati akumvetsera wailesi ya kunyumba yachitatu. Makalaliki a ku Capital Hill, ofuna makolala olimba omangapo tayi, ankangoima chilili maso ali kudenga. Ena ankaseka chifukwa cha kugirigisha. Ena ankapsa mtima.

"Bambo, ine ndabwerera shati, sindinabwere kusikelo ya ana."

"Shati mulandira. Koma kachotupa aka kanayamba liti?"

Amayi sankawagwira. Ankawafunsa atayang'ana kumbali, ndipo akakayikira ankaitana Abiti Juma kuti alowe nawo m'nyumba akawaone m'khwapa. Abiti Juma ankatuluka akung'ung'udza kuti iwo anakwatiwa ndi telala koma ntchito akugwira ya unamwino wopanda yunifolomu. Ana okha ndiwo ankadzipereka, chifukwa akayezedwa ankalandira kansalu kotsala kovekera chidole.

Za anabere Che Swaleyi anali ndi maganizo awoawo, ndipo ankauza wofuna ndi wosafuna yemwe. Ankati Mulungu anaika timibulu timeneti m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche kuti tizilondera thupi, ndipo tikatupa ndiye kuti pafupi pali chimene chalowa. Akatupa wa m'mphechepeche, yang'ana kuphazi, upeza minga kapena chilonda. Akatupa wa pansi pa chibwano, yasamula, dzino lowola lilipo. Mwanabere wopweteka, wotentha, ankati ndi waphokoso chabe, chilonda chikapola nayenso amagona. Amene ankawasowetsa mtendere ndi wachete: wosapweteka, wolimba, wongokula mwezi ndi mwezi popanda chilonda choti n'kuloza.

Vuto linali loti, ndi nzeru zonsezo, Che Swaleyi ankatumiza kuchipatala wachete ndi waphokoso yemwe. Amene ankavutika nazo anali a Mbewe, oona odwala pachipatala chaching'ono cha m'tauni, amene tonse tinkawatcha adokotala. Poweruka kuntchito ankaimika njinga pakhondepo asanapukute n'thukuta lomwe.

"Che Swaleyi, mukufuna mundiphe? Mwana mwanditumizira lero uja ndi nsabwe basi. Nsabwe! Zamuluma m'mutu, mwanabere watupa kuseri kwa khutu, inu n'kuwauza amayi ake kuti athamange."

"Ndiye mwamupatsa mankhwala a nsabwewo?"

"Ndamupatsa."

"Basi, sanayende ulendo wachabe."

A Mbewe ankalumbira kuti pakhonde pamenepo sadzapondanso. Mawa lake ankabwera ndi buluku loti alikulitse m'chiuno, n'kukhala mpaka tiyi wajinja atatha m'ketulo. Ankakangana za chilichonse, za Yesu ndi aneneri, za mpira, za nkhumba. Koma panali kalaliki wina wa timibulu tondondozana m'khosi, tosapweteka, amene Che Swaleyi anamukaniza shati mpaka akaonedwe. Chinapezeka kuti ndi chifuwa chachikulu chimene chinakhala m'khosi m'malo mwa m'mapapo. Anamwa mapiritsi miyezi yambiri, ananenepa, mashati ake onse n'kumuthina. A Mbewe za ameneyu sankazitchula pokangana, ndipo Che Swaleyi sankawakumbutsa.

Chimene chinayambitsa zonsezi anandiuza ndi Abiti Juma tsiku lina tikupeta mpunga, m'zaka zoyambirira tikadali ogwirizana. Anali ndi mwana wamwamuna woyamba kubadwa, dzina lake Amidu. Atangoyamba kupita ku madarasa kukaphunzira Kurani, tsaya lake linatupa. Anati ndi dzino. Linakula mpaka diso linatsekeka. Akuluakulu a kubanja anati zimenezi si zakuchipatala, ndipo Che Swaleyi, akadali mnyamata wosatha kutsutsa akulu, anamvera. Anazungulira naye kwa asing'anga, anamumangirira zithumwa, anamutema mphini patsaya lomwelo. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, Amidu anaikidwa.

"Chiyambire pamenepo," anatero Abiti Juma akuuzira mankhusu, "manja awo saona khosi n'kulipitirira. Ine ndinalira mpaka misozi inatha. Iwo sanalirepo, ndiye akulirira m'makosi mwa anthu."

Ndidumphe zaka, ndinene za sikafu. Linesi, mwana wanga woyamba, anali atapita kale kusekondale yogonera konko. Kunja kukutentha moti agalu ankagona m'ngalande, Che Swaleyi anatuluka atazenga sikafu yaubweya m'khosi. Anati ndi chimfine. Chimfinecho chinatha, sikafu inakhala. Kenako anadzisokera mkanjo wa kolala yaitali yofika m'makutu, wosaoneka kwina kulikonse m'Lilongwe. Anayamba kuonda, ndipo maulendo awo a kunyanja anatalika, moti makina ankakhala chete nthawi yaitali kuposa imene ankalira.

M'mawa wina Abiti Juma anaima pakhomo panga. Chimenechi anali atasiya kwa zaka, pa chifukwa chimene ndinena posachedwa.

"Amake Linesi, pitani mukaitane a Mbewe. Ine ndalephera. Akudzuka zofunda zili chinyowere ndi thukuta ngati agona pamvula, akudzikanda mpaka magazi, koma sikafu ija sakuvula."

A Mbewe anabwera, imvi zili mbuu. Anakhala pabenchi ya odzasoketsa, analankhula za kutentha, za mtengo wa mango umene unagwa kumsika. Kenako anaimirira.

"Lero ndikuyezeni ndine."

Che Swaleyi sanakane. Sikafu itamasulidwa, mbali imodzi ya khosi inali ndi zotupa zolumikizana, zazikulu ngati mazira a nkhanga.

"Zikupweteka?"

"Ayi."

"Zinayamba liti?"

"Mvula yoyamba ya chaka chatha."

A Mbewe anakhalanso pansi.

"Che Swaleyi, mwanditumizira Lilongwe yense, ansabwe ndi aminga omwe. Khosi limene ndinafunika kuliona msanga ndi limene mwandibisira."

"Ndinamuzindikira tsiku lomwe anabwera, adokotala. Ndi wachete uja. Ndinangofuna ndikhaleko telala miyezi ina pang'ono. Ndikalowa kwanuko ndikhala wodwala basi."

Tsopano ndibwerere m'mbuyo, kwa Linesi ali wamng'ono, chifukwa popanda nkhani imeneyi sindikanalemba zonsezi.

Anali pafupi kuyamba sukulu, ndipo ndinapita naye pakhonde kuti akamuyeze yunifolomu yoyamba. Tsaya lake lamanzere linali lotupirako. Ine ndinkati ndi mano, popeza anali pamsinkhu wogulula. Zala za Che Swaleyi zitafika pansagwada, zinaima. Anamuyasamulitsa, n'kugwira mano a m'kati, onse akugwedera ngati mbewu za m'dothi lonyowa.

"Chikukupweteka, mwanangu?"

Linesi anapukusa mutu.

Che Swaleyi anaimirira. Anavala kofiya, n'kutiperekeza okha kwa a Mbewe, chinthu chimene sankachita ndi ena onse aja. Tsiku limenelo a Mbewe sanakalipe. Anamugwira mwanayo, anayang'anizana ndi Che Swaleyi, n'kunena kuti dokotala amene ali ndi mankhwala a matenda amenewa ali kuchipatala chachikulu cha ku Blantyre, ndipo tisadikire.

Koma tinadikira, chifukwa kunyumba nkhani inavuta. Ine ndinali ndi pakati potopa, sindikanatha kubereka kumsana mwana wamkulu chotero. Bambo a Linesi sakanachoka: Loweruka la sabata imeneyo mtsogoleri wa dziko ankabwera ku Lilongwe, ndipo wantchito wa boma wosowa pamzere sabata ngati imeneyo ankafunsidwa mafunso ovuta kuyankha. Apongozi anga anafika kuchokera ku Mitundu n'kunena kuti mwana walodzedwa ndi anthu a m'tauni, apita naye kumudzi. M'masiku owerengeka amenewo tsaya linakula tikuona, mpaka diso linayamba kubisala. Linesi anasiya kusewera, chakudya ankangomwa phala.

Lachinayi m'mawa apongozi anamanga katundu wa mwanayo. Tili pakhomo, Che Swaleyi anabwera kuseri kwa nyumba n'kunjuta patali pang'ono, mwaulemu.

"Mayi, ine si m'bale wanu, ndipo timapemphera kosiyana. Mundikhululukire polowerera. Koma njira mukufuna kuyendayi ine ndinaiyenda mpaka kumapeto kwake. Kuli manda a mwana wanga."

Kanali koyamba kuwamva akutchula za Amidu ndi pakamwa pawo. Apongozi anayang'ana mwana wawo. Bambo a Linesi, amene masiku onsewo anali kakasi, ananena motsitsa mawu kuti ndipite naye ku Blantyre. Che Swaleyi anati atiperekeza okha.

Pathebulo la Che Swaleyi panali mulu wa nsalu za chipani, zokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Mayi wamkulu wa chipani m'dera lathu anazibweretsa kuti asoke mabulauzi a amayi okavina Loweruka. Anali atazidula kale, kusoka kokha kutatsala. Abiti Juma ataona amuna awo akufunditsa makina, anagwira pakamwa.

"Nanga nsaluzi? Loweruka ndi mkuja!"

"Nsalu sizitupa, ndidzazipeza."

"Mukudziwa eni ake inu?"

Anawadziwa. Komabe anatenga chitenje changa, anabereka Linesi kumsana ngati mayi, mkanjo woyera uli pansi pake, n'kuyamba ulendo wa kudepoti. Anthu a mumsika anasiya malonda kumayang'ana.

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ngati maloto. Basi inali yodzadza, ine ndikusinza n'kudzidzimuka. Ku Dedza mapiri anali atafunda nkhungu, mitengo ikuoneka ngati anthu oima m'madzi. Linesi anali pamiyendo pa Che Swaleyi, mbali yotupa ataigoneka pachifuwa pawo, ndipo iwo ankamunong'oneza za nyanja ija. Ankati kuli nsomba zouluka, kuli zigoba zimene ukaika kukhutu zimakuuza nkhani. Tikuoloka Shire, Linesi anafunsa ndi pakamwa pake popotoka ngati imeneyo ndiyo nyanjayo. Anamuyankha kuti ayi, umenewo ndi mtsinje umene ukupita kukaiona, ndipo akafuna aupatse moni ukapereke. Mwana anakweza dzanja n'kubayibitsa madzi.

Pakhomo la wodi ya ana, Che Swaleyi anaima osalowa. Ndinasuzumira kuti ndione chawaimitsa. M'katimo munali ana ena a nkhope ngati ya Linesi, wina tsaya, wina diso, wina mimba yaikulu pa timiyendo toonda. Mkulu uja anagwira chitseko, milomo ikuyenda popanda mawu. Namwino ndiye anamasula chitenje n'kumulandira mwanayo.

Madokotala anatenga kanyama pang'ono pachotupapo kukaunika. Anatiuza kuti ndi khansa ya anabere, mtundu umene umakonda ana a kumadera a malungo, umene umakula mofulumira koma umamvanso mankhwala mofulumira ukapezeka msanga. Anamuika dilipi. Linesi anasanza, analefuka, kenako tsitsi linayamba kutsalira papilo.

Ndinawauza Che Swaleyi kuti abwerere, Loweruka lisanawapitirire. Anakana. Ankagona kumzikiti wina wapafupi, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera, n'kutulutsa tepi m'thumba, n'kuizunguliza kumutu kwa Linesi kudzera pachibwano. Ankawerenga, n'kuipinda, n'kuibwezera m'thumba. Loweruka linadutsa. M'mawa wina anayeza, anabwerezanso, anabwerezanso kachitatu. Diso la Linesi linali litatseguka, likuwayang'ana.

"Amake Linesi, chikuphwa. Chinthu chimenechi chimaphwa!"

Anatuluka mofulumira. Ndinawapeza pakhonde la chipatala atakhala pansi, kofiya ili m'manja, akulira mokweza ngati maliro achitika tsiku lomwelo, akuitana dzina la Amidu. Anthu odutsa ankaganiza kuti mwana wawo wamwalira m'wodimo. Ndinangokhala pambali pawo mpaka anatonthola okha.

Si ana onse a m'wodi ija anatuluka. Ena anafika mochedwa, ena chotupa chinaphwa n'kubweranso. Linesi anali wamwayi. Tinakhalako nthawi yaitali, ndipo mng'ono wake ndinamuberekera komweko.

Zimene zinachitika ku Lilongwe ndinazimva nditabwerako. Amayi a m'dera lathu anakavina opanda mabulauzi ofanana, ndipo mayi wamkulu uja anachita manyazi pamaso pa anzake. Anyamata a chipani atabwera pakhonde anapeza zidutswa za nsalu, zina zili ndi theka la nkhope ya mtsogoleri, monga zimakhalira telala aliyense akadula nsalu yotero. Iwo anati wang'amba nkhope dala n'kuthawa. Tsiku limene Che Swaleyi anatsika basi, galimoto inabwera kudzawatenga asanamwe n'madzi omwe. Makina akanapita nawonso, koma Abiti Juma anali atamasula kale mutu wa makinawo n'kuupereka kwa bambo a Linesi. Amuna anga, amantha aja, anausunga kunsi kwa bedi lathu nthawi yonseyo.

Nditapita kwa Abiti Juma kukapepesa, anandilandira ataimirira.

"Wawo mwana anamvera anthu n'kumutaya. Wa eni ndi amene amulowera ndende. Ine ndiwadyetse chiyani ana angawa, amake Linesi? Ndiwadyetse kuthokoza kwanu?"

Ndinabwerera kwathu. Kuyambira pamenepo tinkakumana pampopi osapatsana moni. Linesi yekha ndiye sankamukaniza kulowa m'nyumba mwawo, ndipo nthawi zina ankatulukamo ali ndi chitumbuwa m'manja.

Che Swaleyi anawatenga kukutentha, anabwerera chimanga chitamasula ngayaye. Anali ometedwa mpala, oonda, mano akutsogolo atachoka. Ndinathamanga n'kugwada pamapazi awo.

"Dzukani, amake Linesi, mundichititsa manyazi. Mwanayo ali kuti?"

Linesi anabwera, tsitsi latsopano likumera lofewa ngati la khanda. Anamuyendetsa zala pansagwada, m'khosi, kuseri kwa makutu. Anapuma mpweya wautali, kenako anafunsa ngati yunifolomu ija anakasoketsa kwina, chifukwa muyezo wakale sungagwirenso ntchito.

Za kumene anali sanafotokozepo, ngakhale kwa a Mbewe. Chimodzi chokha ndi chimene ananena: chipinda chawo chinali ndi kawindo kakang'ono pamwamba, ndipo masana thambo looneka pamenepo linali la mtundu womwe uja bambo awo ankanena, kotero tsopano akhoza kunena kuti nyanja anaionako. Mayi wamkulu wa chipani uja, patapita zaka, anabweranso kudzasoketsa diresi laukwati wa mwana wake. Anamusokera, ndipo anaitana Abiti Juma kuti akamuone m'khwapa ngati wina aliyense.

Matenda a Che Swaleyi aja, obisika ndi sikafu, anapezeka kuti ndi a mtundu womwewo wa khansa ya anabere, koma ya akuluakulu, yoyenda pang'onopang'ono, ndipo inali itafika kale patali. Pa nthawiyo mankhwala ankaperekedwa kuchipatala chachikulu cha ku Lilongwe komweko. Ankapita ndi Abiti Juma, ine ndikunyamula dengu la chakudya, ndipo m'njira imeneyo ndi mmene tinayambiranso kulankhulana. Zotupa zinaphwa. Anavula sikafu, anabwerera pamakina, anasokera ana a m'dera lonse zovala za Idi. A Mbewe anayambiranso kukangana nawo za mpira. Kenako zinabwerera, m'khwapa ndi m'mimba, ndipo madokotala anatiuza zoona.

Masabata omaliza anakana kugona m'nyumba masana. Tinkawayalira pakhonde, atatsamira khoma. Ankasinza n'kudzuka, ndipo malire a tulo ndi maso anali atafufutika. Nthawi zina ankalankhula ndi Amidu, kumuuza aime bwino, asiye kugwedezeka, mkanjo ungafupike. Nthawi zina ankafunsa ngati madzi abwerera kale kugombe. Abiti Juma ankawayankha kuti akubwera, adikire pang'ono.

Linesi anabwera kuchokera kusukulu, mtsikana wamtali kuposa ine. Anagwada pambali pawo. Che Swaleyi anayesa kukweza dzanja koma linagwera pamphasa. Linesi analitenga yekha n'kuliika pansagwada pake, n'kuliyendetsa mpaka kuseri kwa khutu. Mkulu uja anatsinzina, anamvetsera nthawi yaitali.

"Mulibe kanthu, mwanangu. Pita ukasewere."

Anamwalira Lachisanu m'mawa, ndipo anaikidwa dzuwa lisanalowe. Ife amayi tinatsala panyumba monga mwa mwambo wawo. Ndinaima pamsewu kuyang'ana jeneza likuyenda pamapewa a amuna, likusinthana manja, likuchepa m'fumbi. Kumbuyo kwenikweni kunali a Mbewe, okha opanda kofiya, akukankha njinga yawo.

Dzulo ndinapita ku sadaka ija. Mashehe anawerenga, anthu anadya, ndipo dzuwa litapendeka anabalalika. Ndinatsala ndekha pakhonde. Ndi laling'ono kuposa mmene ndimalionera m'mutu, munthu akhoza kulidutsa asanamalize moni. Simenti inang'ambika, udzu wamera m'ming'alu. Pakona pali timaenje tinayi pamene miyendo yachitsulo ya makina inadya pansi, ndipo pakati pake pali banga lakuda la mafuta limene mvula yalephera kuchotsa.

Abiti Juma anatuluka ndi tsache. Akalamba kwambiri, msana wapindika, maso achita ng'ala, ndipo sabata yamawa akusamukira kwa mwana wawo wamkazi. Anayamba kusesa mpunga umene alendo anataya. Tsache linayenda molunjika kuchokera kukhomo, koma litafika pakona paja linakhota, linazungulira bwinobwino mbali zonse za malo opanda kanthu aja, n'kupitiriza kutsogolo.

Mdzukulu wawo uja anali akutulutsa mabenchi. Anaima.

"Agogo, apo mwasiyapo."

"Asiye amalize kaye kusoka," anatero Abiti Juma osatembenuka.

Anasesa mpaka kumapeto kwa khonde n'kulowa m'nyumba. Mpunga unatsala pamenepo, pakati pa timaenje tinayi, ndipo patapita kanthawi mpheta zinatera.